Mapu Patebulo Lodulirapo Nsalu

Magetsi athimanso ku Navutika.
Ine ndi Zelipa tayala mapu patebulo lodulirapo nsalu,
sizasi yapsinja ngodya imodzi, foni ikuwunikira.
Chala chake, chimene singano zachiboola zaka makumi awiri,
chanyamuka pa Chipata,
chikukwawa ngati nyerere yosenza kanjere ka shuga
mpaka pomwe pepala lasanduka labuluu.
"Apa," akutero. "Ndisanafe ndikaponde apa."

Ndikulemba kuseri kwa lisiti la feteleza.
Tsiku loyamba: Katete, kenaka Chanida,
mzere wa mathiraki, fumbi,
chidindo choyamba m'pasipoti imene ikununkhabe ofesi.
Tikagone ku Tete.
Mlamu Yotamu, amene amadutsako ndi thiraki,
akuti kumeneko dzira limapsa lili m'thumba la malaya.
Amanama Yotamu, koma ndalembabe: madzi, mabotolo anayi.

Tsiku lachiwiri ndi basi yokhayokha.
Buledi, chiponde, mapiritsi ake a m'mawa,
ndi mawu atatu a Chipwitikizi
amene tikuwatafuna ngati nzimbe yolimba,
moni, zikomo, ndi zingati.

Lachitatulo sindinalembepo kanthu.
Ndilembe chiyani?
Madzi aakulu amene tinawaonapo ndi a damu la Lutembwe,
ndi Luangwa, pawindo la basi, tikupita ku maliro ku Lusaka.
Akuti awa alibe tsidya lina.
Akuti amapuma, kubwera ndi kubwerera,
ngati chifuwa cha munthu wogona.

Tsono masamu.
Chilimba chitigwera kumapeto kwa Julayi.
Mayunifolomu makumi atatu a sukulu ya ku Mpezeni sanalipiridwe.
Makwacha athu akawoloka malire
mwina akaonda ngati ng'ombe za mu Okutobala.
Zelipa akuti tichotse tsiku limodzi.
Ine ndikuti tichotse nkhuku, tigulitse zonse,
tambala yekha atsale azidzutsa Lekeleni
kuti atsegule shopu nthawi yake.

Sititchula, koma tonse tikukumbuka:
chaka chatha ulendo womwewu
unalowa m'bokosi la amalume ake ku Chadiza.
Chaka chinacho unakwera padenga nkusanduka malata.
Ndalama ya ulendo ili ngati mwana wapakhomo,
aliyense amaituma.

Mbiri yawanda kale mu Kapata.
Amayi Shawa abweretsa botolo la mafuta ophikira, lotsukidwa,
akufuna madzi a mchere a miyendo yawo.
Mnyamata wa njinga amene amanyamula mipukutu yathu
akufuna chigoba chija amati ukachiika pakhutu
umamva mphepo ya kutali.
Abusa angoti tikabwere ndi umboni.

Ndipo pali diresi.
Analisoka usiku ndi zidutswa za makasitomala,
mkono wa chitenje cha ukwati, mpendero wa chipani chimene chinagwa,
lalifupi kuposa onse amene anavalapo chikwatiwireni.
Analiyesa kamodzi, chitseko chili chokhoma,
nkuseka mpaka kukhala pansi.
Tonse awiri sitidziwa kusambira.
Tagwirizana: mpaka m'mawondo basi,
ndipo wina agwire dzanja la mnzake.

Masiku awiri pamchenga, awiri obwerera.
Ndawerenga, akwana asanu ndi limodzi.
Ndawerenganso, ndalama zikukwana anayi ndi theka.

Magetsi abwera mwadzidzidzi, wailesi yakuwa yokha.
Kunja mapiri atizinga monga mwa masiku onse,
Kanjala wakhala chete ngati mlonda wa pageti.
Zelipa wapinda mapu motsata mizere yake yakale,
wawaika pansi pa makina, pamodzi ndi chitini cha ndalama.
Kenaka watenga beseni losambiramo,
wathira madzi, wathiramo mchere wodzaza dzanja,
waviika mapazi ake otupa,
watseka maso.

"Usandilankhule," akutero.
"Ndafika kale. Iwe ukadali pa Chanida."